Buku la Ndaziona pa Geti la Matabwa

Ndinalipeza m'thumba la jekete,
momwe ndimayembekezera mbatata yootcha.
Ndaziona analibisa m'menemo
kuopa mng'ono wake wong'amba zilizonse,
ine n'kupita nalo ku ntchito osadziwa.

Juni wa ku Dedza sacheza ndi munthu.
Chisanu chimatsika phiri ngati mwini ngongole,
chimadziwa pomwe umakhala.
Ndinakhala pa chitsa, pa geti la matabwa,
chibonga pantchafu, tochi kukamwa,
ndati ndingoona zithunzi.

Zithunzi zinalimo zitatu basi.
Kwinako mawu okhaokha.

Muli mtsikana, Tionenji,
wa m'mudzi momwe chifunga chimadya mayina.
Chikadutsa usiku, m'mawa mayi sadziwa
kuti mwana wake amuitane bwanji,
amangoti iwe, iwe, tabwera.
Ndinaseka ndekha. Bodza lanji limeneli,
sukulu n'kumabwereketsa ana zoterezi?
Ndinatembenuza tsamba
kuti ndione pomwe bodzalo lithere.

Thiraki yopita kuchipata cha Mozambiki inadutsa,
sindinadzutse mutu.
Galu wa abwana anauwa, ndinamuuza akhale chete:
Tionenji akuwoloka mlatho wa ulusi,
wakumbatira botolo la mayina a mudzi wonse,
khwangwala wa mwendo umodzi akumuwerengera mapazi.

Cha m'ma thu koloko ndinapsa mtima.
Mwana wa zaka khumi, usiku, wopanda ndi juzi yomwe!
Bambo ake ali kuti?
Wolemba ameneyu anaberekapo?
Ndinabwerera m'mbuyo, chala pa mzere uliwonse,
kumufuna mwamuna ameneyo kuti ndimudzudzule.
Mayi alimo, akusoka.
Mbuzi ilimo, mpaka yapatsidwa dzina.
Bambo ndinamupeza pa tsamba lachinayi, mzere umodzi:
ankachoka dzuwa likamalowa,
n'kubwera mwana atapita kale kusukulu.

Ndinazimitsa tochi.

Utuchi wa paini unkanunkhira mumdima.
Chifunga chinali chitafika pa geti,
chenichenicho, cha kwathu kuno,
chonyowetsa nsidze.
Ndinadziyesa mokweza, ngati woitana mayina m'kalasi:
Ndaziona. Lonjezo. Kakhanda Mwaiwawo.
Onse alipo.
Nanga aphunzitsi ake a Ndaziona ndi a ndani?
Nanga mnzake uja wa mpata kumano,
amene amapita naye ku mjigo?
Ndinatsegula pakamwa,
munatuluka nthunzi yokha.

Mabatire anandithera pa tsamba la 112,
Tionenji ali pa chitseko chachitsulo,
botolo litachita mng'alu,
mayina akudontha limodzilimodzi pa mwala.
Ndinagogoda tochi pabondo. Zii.
Ndinayatsa machesi, ndodo zisanu,
pambali pa matabwa ouma a eni ake,
ine amene amandilipira kuti ndiziletsa zimenezo.
Yachisanu itanditentha chala ndinaleka,
ndinangolifungatira bukulo mpaka kunayera.

Tiyi wa kwa Nachisale sindinamudikire.
Ndinadutsa pa depoti minibasi zikuyamba kuitanira,
ndinam'peza pakhonde akumanga nsapato.
Moni sindinapereke. Ndinati, kodi akafika?
Mayina aja atsalamo angati?

Anayang'ana ine, anayang'ana buku.
Mwapinda tsamba, anatero,
a ku laibulale akandikalipira.
Analiwongola ndi chikhato, pang'onopang'ono,
ngati akusisita mwana wagwa.
Sindikuuzani. Likabwezedwa Lachisanu.

Lachisanu ndi mkuja.
Ndatenga mabatire awiri pangongole kwa Kadzakumanja,
koma mwina sagwira ntchito,
chifukwa atafika pa mpanda anatembenuka
n'kunena kuti akaweruka andiwerengera yekha,
bola andipeze ndili maso.
Ndipo tiyambira tsamba loyamba, wati,
poti inu mumathamanga,
mwadumpha zambiri.

Dzuwa lafika pamutu, mkeka ndaupinda.
Ndakhala pakhonde, zikope zikulemera ngati matumba a simenti,
ndikuyang'ana njira yochokera kusukulu.
Akabwera ndi mnzake uja
ndiyamba ndamufunsa dzina.